Ulusi Wobiriwira wa ku Nyumba ya Makutu

Mu ufumu wa Zilimkati mulibe munthu amene anamukanizapo kanthu. Ukapempha mlatho sakukaniza, ukapempha mankhwala sakukaniza. Amangokukumbutsa dzina la dziko lako, n'kukutsekulira chitseko chotulukira mwaulemu wonse.

Wolamula kumeneko ndi Mfumu Salakwa Wachiwiri, mwana wa Salakwa Woyamba uja anamanga doko la sitima m'dziko lopanda nyanja. Mpaka lero anthu a ku Zilimkati amati dokolo lili bwinobwino, nyanja ndiyo ikuchedwa.

Popeza mfumu imodzi singamve madandaulo a dziko lonse, kulikulu kuli Nyumba ya Makutu. Ili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, ndipo m'chipinda chilichonse mumakhala mkulu mmodzi pampando wa mlombwa, womvera milandu m'malo mwa mfumu. Akuluwa amatchedwa Makutu a Mfumu. Mwambo wawo ndi wakuti salemba kanthu. Zimene Khutu lamva zimakhala m'mutu mwake, ndipo silikauza Khutu linzake chifukwa imeneyo ndi miseche. Chimene amalemba ndi chigamulo chokha, mlandu ukatha, n'kudindapo chidindo.

Kale munthu ankangopita kwa Khutu limene walikonda, ndipo zotsatira zake mukhoza kuzilota. Pakhomo la Khutu Lachinayi, a Jelemiya Kachigamba, mzere unkafika mpaka kumsika, pamene Khutu Lachisanu ndi mnzake wa chipinda chomaliza ankaswera pabawo mpaka bawolo linang'ambika pakati. Vuto linalipodi, tisaname. Koma ku Zilimkati vuto laling'ono silichiritsidwa ndi mankhwala aang'ono.

Olemekezeka Ndazionakunja, Nduna ya Mizere ndi Kudikira, anali atangobwera kumene kuchokera ku ulendo wa masiku atatu kunja, ndipo anali asanasiye kununkhira ndege. Anaimirira m'bwalo la nduna, n'kukonza tayi.

"Wamkulukulu, kumene ndachokera ine munthu sasankha khutu. Pakhomo amaikapo munthu mmodzi wogawa. Woyamba kufika, chipinda choyamba. Wachiwiri, chachiwiri. Mpaka sikisi, kenako n'kuyambiranso. Aliyense mtolo wofanana! Ndipo kuti wina asakakamire pampando ngati nkhupakupa, belu lizilira theka la ola lililonse. Likalira, tuluka, kaime kumbuyo kwa mzere, ukagawidwenso."

"Nanga amene nkhani yake sinathe?" inafunsa nduna ina yachikulire imene inali isanaphunzire kukhala chete.

"Mlandu suwola," anayankha Olemekezeka.

Mfumu inagwedeza mutu, nduna zonse zinaomba m'manja, ndipo yofunsa ija mawa lake anaitumiza kukayang'anira doko.

Udindo wa Wogawa unagwera a Zakeyu Kamtedza, amene kwa zaka makumi awiri anakhala akuwerenga ng'ombe padibi. Anali munthu wosadziwa kukhotetsa lamulo ngakhale pang'ono, ndipo kuwerenga kuyambira wani mpaka sikisi anali kukudziwa bwino kuposa aliyense m'boma lonselo. Anawapatsa mpando, belu ndi chipewa.

Chinthu chimodzi chokha ndicho Olemekezeka sanachione kunja kuja: malonje. Ku Zilimkati sungalowe m'chipinda cha mkulu n'kungoyamba kutula nkhani ngati ukutula thumba la makala. Mlendo amayamba walonjeredwa, n'kufotokoza mmene wadzukira, mmene wayendera, ndi mmene wasiyira kumudzi. Mkulu naye amabwereza zonsezo kuti zioneke kuti wamva, n'kuwonjezapo zake. Malonje abwino amadya mphindi makumi awiri, ndipo a ku Zilimkati sachita malonje oipa.

Sabata imene lamuloli linayamba ndiyo inafika Esinta Nangondo kuchokera ku Kuseri, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Sakhazikika. Anali mayi wamasiye, wa zaka zopitirira makumi asanu, wolera zidzukulu zitatu ndi munda umodzi umene anamusiyira amayi ake. Chaka chimenecho madzi osefukira anasuntha mtsinje. Nangondo anagona munda uli tsidya lino, n'kudzuka uli tsidya linalo, moyandikana ndi malo a mkulu wina wotchedwa a Zonsenzanga, amene pofika masana anali atakhomamo kale zikhomo. Lamulo la dzikolo limati munda wotero ukapezedwa ndi mvula yodzalira usanagamulidwe, umakhala wa mwini tsidya. Umenewu unali mwezi wa Okutobala. Nangondo anali ndi masabata ochepa, ndipo ankadziwa kuti mundawo ukapita, zidzukulu zija zidzakhala za maganyu moyo wawo wonse.

Tsono mlandu wa munda suyambira pakati. Umayambira pa amene anatema mtengo woyamba, ndipo apa anali agogo ake, Nachisale. Kuchokera pamenepo mtsinjewo unali utasuntha katatu, ndipo kusuntha kulikonse kunali ndi mboni zake ndi nsungwi zake za m'malire. Kuifotokoza bwinobwino nkhaniyi kunkafuna maola ambiri.

"Chipinda choyamba, mayi," anatero a Kamtedza.

Nangondo anagwada pamphasa, Khutu Loyamba n'kumulonjera. Iye anafotokoza kuti wadzuka bwino, kupatula msana. Anafotokoza za lole imene anakwera, za tayala limene linaphulika pa Chigumula, za mdzukulu amene akutsokomola. Khutu linabwereza za msana, za lole, za tayala ndi za chifuwa, n'kuwonjeza kuti kwawonso chifuwa chavuta, ndipo mbuzi yawo yaswa mapasa.

"Tsono tatiuzeni chimene mwatiyendera."

"Zikomo bwana. Agogo anga a Nachisale, pamene anafika ku Kuseri anapeza thengo lokhalokha. Ndiye anatenga nkhwangwa..."

Belu linalira.

Anatuluka, n'kukaima kumbuyo kwa mzere. Patatha maola awiri anagwera chipinda chachitatu. Msana, lole, tayala, chifuwa. Agogo anatenganso nkhwangwa, ndipo ulendo uno anakwanitsa kugwetsa mitengo iwiri belu lisanalire. Madzulo anagwera chipinda chachisanu ndi chimodzi, kumene Khutu linkamva movutikira moti malonje okha anadya nthawi yonse, agogo osaigwira n'komwe nkhwangwa.

Zinapitirira choncho masiku asanu ndi anayi. Akagweranso Khutu limene analionapo, linkamuyang'ana ngati silinamuonepo chibadwire, ndipo sindingaliimbe mlandu. Munthu amene tsiku lililonse akumva mitu ya nkhani makumi awiri yopanda michira sangakumbuke kuti mutu uwu ndi wa yani. "Yambaninso, mayi," linkatero. Pofika sabata yachiwiri agogo a Nachisale anali atatema thengo lija kambirimbiri moti akanakhala kuti akutemadi, ufumu wonse ukanakhala chipululu.

Nangondo ankagona kwa msuweni wake Nasibeko, wogulitsa tomato pamsika waukulu, ndipo pamsikapo nkhani inali yomweyi.

"Ine mwamuna wanga anapita kukadandaula za mbuzi yobedwa," anatero Nasibeko akupukuta tomato ndi nsonga ya chitenje. "Mbuzi ija wakubayo wadya, chikopa wapangira ng'oma, ng'omayo yang'ambika. Mwamuna wanga akadali pofotokoza mtundu wa mbuzi."

"Akuti mlandu suwola," anatero wina wogulitsa usipa.

"Mlandu suwola, koma mbewu yanga ili m'chigubu ikufumbwa," anatero Nangondo. Sanaseke nawo. Tsiku lililonse akatuluka m'mawa ankayamba wayang'ana kumwamba, ndipo mtima unkamupweteka akaona kamtambo ngakhale kakang'ono ngati nkhonya.

Kunyumba yachifumu kunali chisangalalo. Olemekezeka Ndazionakunja anabwera ndi chipepala chachikulu chojambulidwa mzere wokwera phiri.

"Wamkulukulu, kale Nyumba ya Makutu inkamva milandu makumi awiri patsiku. Lero ikumva pafupifupi handiredi! Pali mayi wina wa ku Kuseri, yekhayekha tamumvera milandu makumi atatu. Kodi ndi mfumu iti padziko lapansi inamverapo munthu mmodzi chonchi?"

Mfumu inalamula kuti chipepalacho achipachike m'masukulu onse.

Tsiku lakhumi, Nangondo anagwera chipinda chachinayi kachiwiri. Anagwada, n'kuyamba kukonza pakhosi kuti anene za msana. A Kachigamba, mkulu wa imvi, wochepa thupi, wovala jekete lotuwa m'zigongono, anatukula dzanja.

"A Nangondo, mwadzuka?"

"Ndadzuka, kaya inu bwana."

"Tadzuka. Munthu sakhala mlendo kawiri panyumba imodzi. Tsiku lija munalekezera pamene agogo anu anabzala nsungwi m'malire a kumadzulo. Pitirizani."

Nangondo anangoti kakasi. Anali ataiwala kuti nkhani yake ili ndi pakati. Misozi inalengeza, koma anaimeza msanga chifukwa belu silidikira misozi. Tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba, mtsinje wa Sakhazikika unasuntha koyamba m'khutu la boma.

Atatuluka anawapempha a Kamtedza. "Achimwene, mundibwezere kwa akulu omwe aja. Nkhani yanga ili m'mutu mwawo."

"Mayi, ine ndimawerenga basi. Amene waima kutsogolo ndi amene amalowa chitseko chotsatira. Ng'ombe padibi sinkasankha polowera."

"Amene waima kutsogolo?"

"Eya."

Nangondo anapita kumbuyo kwa mzere akuganiza. Atafika kutsogolo anamva a Kamtedza akuitana chipinda choyamba. Anatembenukira bambo amene anali kumbuyo kwake.

"Tsogolani, bambo. Mukuoneka mwatopa."

Bamboyo anathokoza modabwa. Chipinda chachiwiri, anatsogoza mayi wina wobereka mwana. Chachitatu, anatsogoza mbusa wa mpingo. A Kamtedza atati "Chachinayi!" Nangondo anali atalowa kale. A Kamtedza anamuyang'ana, n'kuyang'ana lamulo limene linapachikidwa pakhoma. Panalibe pamene linaletsa ulemu.

Nzeru sibisika pamzere. Pasanathe masiku atatu aliyense anali atasankha Khutu lake, ndipo pakhomo pa Nyumba ya Makutu panabuka mliri wa ulemu umene dzikolo linali lisanauonepo. Anthu amene kumsika amatukwanirana malo ankagwadirana. "Tsogolani, akulu." "Ayi, ine nditsogole bwanji inu muli pano?" "Ndapota nanu, tsogolani." Nthawi zina chipinda chachisanu chikaitanidwa, anthu makumi asanu ankabwerera m'mbuyo onse pamodzi, kutsogolo n'kutsala galu yekha. Olemekezeka anauza atolankhani kuti ndondomeko yawo yabwezeretsa chikhalidwe. Koma tsiku lina ulemuwo unasefukira mpaka mumsewu, galimoto ya mfumu n'kuima ola lathunthu pakati pa anthu olozerana njira.

Mfumu Salakwa ikachedwa, wina amakhala walakwa. Bwalo la nduna linakumana mwadzidzidzi, ndipo Olemekezeka, amene anali atatuma anthu kukafunsa kumsika chimene chikuchitika, anaimirira ndi nzeru yatsopano imene anati anaionanso kunja koma anaiwala kuitchula.

"Lamulo la Ulusi, Wamkulukulu. Munthu akafika koyamba, Wogawa azimugawa monga mwa nthawi zonse, koma azimumanga ulusi pamkono. Chipinda chilichonse mtundu wake. Akatuluka n'kubweranso, Wogawa azingoyang'ana ulusi n'kumubwezera kwa Khutu lomwelo mpaka nkhani yake ithe. Chitseko china asachigwire n'komwe."

"Lamuloli ndi la yani ndi yani?" inafunsa mfumu.

"La aliyense wolowa pakhomo lija, Wamkulukulu. Wosauka, wolemera, ngakhale nduna. Inu nokha ndinu muli pamwamba pake."

Mfumu inasaina. Analengeza pawailesi katatu, mawu a ndunayo osasintha ngakhale limodzi. Kunena zoona, lamuloli linali labwino, ndipo anthu ambiri anadabwa kuti lalowa bwanji m'boma.

Tsiku logawa ulusi Nangondo anachita ulemu wake komaliza, n'kumangidwa wobiriwira, wa chipinda chachinayi. Ankausamala ngati mphete ya ukwati. Posamba ankatukula mkono m'mwamba. Mzere unali wautali moti ankalowa kamodzi patsiku, nthawi zina osalowa n'komwe, koma nkhani inkayenda. Mtsinje unasuntha kachiwiri. Mboni zinatchulidwa. Chizimalupsa chinawaza fumbi tsiku lina masana, Nangondo n'kukhala pansi pamsewu poganiza kuti mvula yodzalira yafika, mpaka anthu anamukumbutsa kuti imeneyo siwerengedwa.

Kenako Olemekezeka anayang'ananso chipepala chawo, n'kupeza chinthu chowakhumudwitsa. Zipinda zisanu zinali ndi anthu ochulukirachulukira omangidwa ulusi, chifukwa kumeneko malonje ankachitikabe athunthu tsiku lililonse ndipo palibe mlandu unkatha. Koma kuchipinda chachinayi chiwerengero chinkatsika. Anthu ankalowa, n'kumvedwa, n'kudula ulusi, n'kupita kwawo osabweranso.

"Mkulu ameneyu akuthawitsa anthu," anauza mfumu. "Khutu lanji limene munthu akalilankhula safunanso kubwerera? Apume."

Kalata inalembedwa Lachinayi. Pofika madzulo pamsika ponse anali atadziwa, chifukwa wotayipa kalatayo ankagula tomato kwa Nasibeko.

"Mawa masana achotsedwa," anatero Nasibeko. "Chipindacho achitseka mpaka apeze wina."

"Nanga ife a ulusi wobiriwira?"

"Lamulo likuti chitseko china musachigwire. Ndiye muzikaima pachitseko chokhoma, kapena mudule ulusi mukayambirenso kwa wina."

"Kuyambiranso pa nkhwangwa?"

Onse awiri anayang'ana kum'mawa, kumene mitambo inali itayamba kuunjikana yakuda bii. Nangondo anali atatsala ndi kusuntha komaliza kwa mtsinje, kwa chaka chino, ola limodzi lokha la nkhani. Zina zonse zinali m'mutu mwa munthu mmodzi amene mawa adzanyamula mutuwo kupita nawo kwawo.

Mwambo wa ku Zilimkati umati Khutu silichotsedwa pamsewu kapena kunyumba kwake. Kalata imaperekedwa m'manja, mwini wake atakhala pampando wa mlombwa m'chipinda chake. Olemekezeka akanatha kutuma mesenjala, koma iwo sanali munthu wotaya mwayi wojambulidwa. Lachisanu cha m'ma leveni anafika okha, kalata m'manja, kumbuyo kwawo atolankhani, ojambula ndi mnyamata wa wailesi atanyamula chimaikolofoni. Nthawi imeneyo Nangondo anali wachisanu ndi chitatu pamzere.

Olemekezeka analunjika pakhomo. A Kamtedza anaimirira, n'kuvula chipewa.

"Takulandirani, Olemekezeka. Mwabwera ndi nkhani?"

"Ndabwera ndi kalata ya Khutu Lachinayi. Patukani."

"Tione pamkono, bwana."

"Chiyani?"

"Ulusi. Muli nawo?"

"Iwe, ukundidziwa ine?"

"Kwambiri, bwana. Mawu anu ndinawamva pawailesi katatu. Aliyense wolowa pakhomo lino, wosauka, wolemera, ngakhale nduna. Poti mulibe ulusi, ndiye kuti mwafika koyamba. Ndikugawani."

Chimaikolofoni chija chinasendera pafupi. Olemekezeka anayang'ana atolankhani, n'kumwetulira mwa mano okhaokha. Kukana kukanakhala kunena kuti lamulo losainidwa ndi Mfumu Salakwa lili ndi polakwika, ndipo kudoko kuja malo analipobe. Koma iwonso sanali opusa. Anamva kuti womaliza kugawidwa wapita chipinda chachiwiri, choncho wotsatira ndi wachitatu, kenako chachinayi.

"Ine ndi mtumiki wa anthu," anatero mokweza. "Sindingadumphe mzere. Atsogole mmodzi wa atsopanowa, ine ndibwere pambuyo pake."

Anatembenukira gulu la amene analibe ulusi. Koma mzinda wonse unali utaphunzira ulemu kwa mwezi wathunthu, ndipo anthu amenewa anali akatswiri.

"Ife titsogole inu muli pano, Olemekezeka? Mulungu atikhululukire."

"Tsogolani, bwana."

"Ndapota nanu, bwana, tsogolani!"

Gulu lonse linabwerera m'mbuyo, amayi n'kugwada, abambo n'kuvula zipewa. Nasibeko, amene anasiya tomato wake kudzaonerera, anayambitsa nthungululu. Mnyamata wa wailesi anauza dziko lonse kuti chikondi cha anthu pa nduna yawo n'chogwetsa misozi. Kutsogolo kunatsala munthu mmodzi yekha wopanda ulusi.

"Chipinda chachitatu, bwana," anatero a Kamtedza, akumanga ulusi wachikasu pamwamba pa wotchi yagolide. Anamanga mfundo ziwiri, monga ankamangira chingwe cha nkhunzi.

Khutu Lachitatu linali lisanalandirepo nduna chiyambire ntchito, ndipo linatsimikiza mtima kuti malonje a tsikuli adzakumbukidwa. Linafunsa za madona, za ana mmodzimmodzi, za ulendo wakunja uja, za chakudya cha m'ndege. Belu litalira, Olemekezeka anali asanatulutse kalata m'envelopu. Atalowanso, Khutulo linamva kuti nkhani ndi yochotsa munthu ntchito, ndipo linanena mwaulemu kuti mlandu wotere umayambira pa tsiku limene munthuyo analembedwa ntchito, zaka makumi atatu ndi zinayi zapitazo, ndi amene anali mboni.

Chitseko chotsatira chinali chachinayi, mamita awiri okha kuchoka pamene anakhala. Olemekezeka ankamva mawu a mayi akudutsa pakhoma.

Nangondo analowa cha m'ma wani koloko. Anafotokoza za usiku wa madzi osefukira ndi zikhomo za a Zonsenzanga, belu n'kulira. Atatuluka, a ulusi wobiriwira anzake, amene aliyense anali ndi mlandu wake wowawa, anayang'ana mitambo, n'kuyang'anana. Mayi wina wa mlandu wa chitsime ndiye anayamba.

"Wanga udikira, chitsime sichithawa mvula. Tsogolani, a Nangondo."

Umenewu sunali ulemu wowerengera zitseko. Onse anamupatukira, ndipo a Kamtedza anayang'ana pakhoma mwa chizolowezi, n'kupeza kuti lamulo silinasinthe.

Mphepo yozizira inali itayamba kulowa pazenera pamene Nangondo anatchula mboni yomaliza, ndi chitsa cha nsungwi za agogo ake chimene chikuonekabe tsidya linalo, kuseri kwa zikhomo. Anasiya kulankhula. Anadikira belu, koma belu linali lisanakwane.

"Pali china?" anafunsa a Kachigamba.

"Palibe, bwana. Ndi yomweyi."

Mkuluyo anatseka maso. Anaibwereza nkhani yonse mwachidule, kuyambira kwa Nachisale mpaka pa chitsa, osaphonya dzina ngakhale limodzi, ndipo Nangondo anamva kwa nthawi yoyamba mbiri ya munda wake ikutuluka pakamwa pa munthu wina. Kenako anatsegula kabati, n'kutulutsa pepala.

"Mtsinje umasuntha madzi, susuntha mwini. Mundawo ndi wanu. A Zonsenzanga azule zikhomo zawo akaotche."

Analemba, n'kupumira pachidindo kawiri chifukwa inki inali itauma, n'kudinda ndi manja onse awiri. Anatenga lumo, n'kudula ulusi uja.

"Nanga inu, bwana? Akuti akuchotsani."

"Adzandichotsa, kalata ikadzafika. Pakhomopo pali anthu makumi atatu ndi mmodzi a ulusi wanga. Wamlandu watsopano akabwera, ndawauza a Kamtedza kuti ndikhoza kumumvera malonje okha, koma awa ndiwamaliza. Ndikuona kuti Olemekezeka andipatsa nthawi yokwanira."

Kudzera pakhoma kunamveka Khutu Lachitatu likufunsa kuti kodi amene anawalemba ntchito a Kachigamba anali mwana wa yani.

Nangondo anapinda pepala lija kanayi, n'kulilowetsa pachifuwa, mkati mwa bulawuzi. Anaimirira, n'kufika pachitseko, koma anaima. Kwa masabata asanu ndi limodzi anali akudzuka m'mamawa kudzaima pamzere, ndipo miyendo yake inali isakudziwanso njira ina. Anayang'ana pamkono pamene panatsala kamzere kotuwa, n'kutembenuka.

"Ndiye mawa ndibwere nthawi yanji, bwana?"

Kutali kum'mawa kunagunda bingu, lalitali, la mvula yeniyeni.

"Mawa musabwere, mayi," anatero a Kachigamba. "Thamangirani lole. Mawa mukadzale."